Mlendo wa M'mimba Mwanga

Lolemba, 17 Meyi 1954

Madzi oundana asungunuka panyanja. Mwamuna wanga Onni wabwera ndi nsomba zikuluzikulu zodzaza mazira. Mazirawo ndinafinyira m'mbale, kamchere pang'ono, anyezi, n'kupaka pabuledi wakuda, aawisi monga mwa masiku onse. Ndinamaliza mbale yonse ndili chiimire. Apongozi anangondiyang'ana.

"Sylvi, ukudyera anthu angati?"

Kumwezi sindinapite, uno ndi mwezi wachiwiri.

Lachitatu, 19 Meyi

Chizungulire pokama ng'ombe. Ndinatsamiritsa mutu pamimba pa ng'ombe yathu Heluna, khola lonse n'kuyamba kuyandama ngati bwato lomasuka pachingwe. Sindinaope, ndinamva kukoma. Lilime likuwawa, lafiira n'kusalala. Zala zakumiyendo dzanzi lokhalokha. Apongozi akuti nawonso zinkatero ali ndi pakati pa Onni. Zaka zonsezi ndakhala m'nyumba muno wopanda mwana, lero ndi pomwe andilanda ndowa m'manja. "Khala pansi, mwana wanga." Mwana wanga!

Loweruka, 22 Meyi

Mu sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi yotentha. Ndinagona chagada pathabwa lapamwamba, nthunzi ili tolo, dzuwa likulowa pakawindo. Kenaka pansi pa mchombo china chake chinatembenuka, pang'onopang'ono, ngati munthu wosintha mbali ali m'tulo.

Ndinamuuza Onni. Madzi amene amati athire pamiyala yamoto anadzithira pamapazi.

"Iwe, usandinamize."

"Gwira wekha."

Anagwira. Sanamve kanthu, koma dzanja sanachotse.

"Akakhala wamwamuna asatenge mphuno yangayi," anatero.

"Akakhala wamkazi ndiye asayerekeze n'komwe."

Tinaseka mpaka kutsokomola. Mawa akupita kumtsinje kuntchito yoyandamitsa mitengo yodulidwa kuti madzi aitsitsire kumacheka, abwera pakatha masabata awiri.

Lachiwiri, 25 Meyi

Monga mwa nyengo ino, kunja sikukuda ngakhale usiku, ndipo sindikusiyanitsa bwino zolota ndi zoona. Ndinalota ndikuyenda pamwamba pa nyanja yowundana. Pansi pa mapazi anga kamtsikana katsitsi loyera kakusambira chagada, kakunditsatira. Ndikaima, kaima. Ndikaguguda, nako kaguguda. Dzina ndakapatsa kale koma sindilemba lonse. K.

Ndimamuimbira K. pochapa. Amakonda kutembenuka ndikangomaliza kudya.

Lachisanu, 28 Meyi

Ndagwa pachitsime. Ndimangokumbukira mitambo ikutsika mwaulemu kudzandifunditsa.

Lachiwiri, 1 Juni

Apongozi anaitanitsa azamba, mayi Turunen. Anabwera panjinga, matope mpaka m'mawondo. Anandisinika pamimba nthawi yaitali. Anandikoka chikope. Lilime kunja.

"Mumadya nsomba zosaphika?"

"Alipo sadya kuno?"

"Kuchimbudzi simunaonepo kanthu koyera, kaphanthiphanthi ngati lamba?"

Ndinakaonapo, m'nyengo yozizira. Ndinathira utuchi n'kuiwala dala.

Anakhala pabedi n'kundigwira dzanja. "Mulibe mwana m'menemu, mayi. Ndi njoka ya m'mimba. Imalowa ndi nsomba zaziwisi ndi mazira ake. Kuno ambiri ali nayo osadziwa, koma yanuyi yakutherani magazi."

Apongozi anali kuseri kwa chitseko. Anatulukira: "Ife tadya nsomba zimenezi chibadwire, tafa?"

"N'chifukwa chake nanunso ndikuyezani, amayi."

Apongozi anatuluka n'kumenyetsa chitseko. Ine ndinkangoyang'ana fumbi likuvina m'kuwala kwa pawindo. Madzulo ndowa ndinanyamula ndekha.

Lachitatu, 2 Juni

Watembenukanso lero. Dzanja langa linapita lokha pamimba.

Lachinayi, 3 Juni

Kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi tchalitchi, m'mimba mopanda kanthu. Mankhwala owawa ngati ndulu, kenaka madzi amchere, kenaka kudikira. Khoma linkapuma. Njokayo itatuluka, mayi Turunen anaiika m'beseni n'kumaitambasula ndi kamtengo, kufuna mutu. Akuti mutu ukatsalira imameranso. Kutalika kwake! Ikanazungulira khitchini yathu.

"Uwu apa. Basi yatha."

"Ndione nawo."

"Musadzivutitse, mayi."

"Ndione."

Kamutu kochepa ngati njere ya udzu. Kopanda maso. Ndiye ameneyu ndinkamuimbira? Ndinaseka mokweza mpaka namwino wina anasuzumira. Kusekako sikunathere pa kuseka.

Anandibaya jakisoni wa magazi. Pondiperekeza, mayi Turunen anati kutauni ya Joensuu kuli dokotala woona za kusabereka, koma amafuna onse awiri, mwamuna amamuyezanso. Ndinati ndamva. Onni wake uti angavomere zimenezo?

Lamulungu, 6 Juni

Onni wafika m'mawa, akununkha utomoni ndi utsi, akuimba mluzu kuyambira kumsewu. Ndinamuchingamira pampanda kuti ndimuuze ndekha apongozi asanayambe. Ndinanena zonse, mosazungulira.

Anatula chikwama pansi. Anayang'ana kunkhalango nthawi yaitali.

"Nanga iweyo, uchira?"

"Akuti ndichira."

Anagwedeza mutu, n'kupukuta nkhope ndi chipewa ngati watuluka thukuta. Kunali kamphepo kozizira.

Patebulo, pomwa khofi, ndinatchula za ku Joensuu. Sindikudziwa mphamvu zake ndinazitenga kuti, mwina ndi jakisoni uja.

Apongozi anaika kapu pansi mwaphokoso. "Mwana wanga akavule buluku pamaso pa dokotala? Kwathu kulibe matenda amenewo. Wodwala tamuona ndi njoka yakeyo."

Ntchentche pawindo. Onni ankazunguza supuni m'kapu, shuga atasungunuka kalekale.

"Basi imapita liti?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Lachiwiri m'mawa," ndinatero.

"Onni!" anakuwa apongozi.

Anamwa khofi yense, n'kuimirira.

"Amayi, malaya anga oyera aja munaika kuti? Ndiwafuna Lachiwiri."