Nomsa Wapita kwa Amake ku Madzimoyo

Kapata, Chipata
Sabata lachitatu la Adventi

Wokondedwa mwana wanga Jonah,

Moni wa amako ukupeze uli wamphamvu. Uli bwanji kumeneko ku Solwezi? Chifuwa chija chinatha, kapena ukumwabe madzi a m'firiji ngati munthu wopanda womulangiza? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lamanzereli limene limadziwa za mvula kuposa a pa wailesi. Mvula ikugwa bwino ndipo chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'chiuno.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula mawu, ndipo ukaona kuti ndikupambana umati netiweki yavuta. Boaz, mwana wa aneba amene umagwira naye ntchito, akupatsa pamanja. Ndamuuza kuti asasunthe mpaka uwerenge yonse.

Nkhani ndi ya mkazi wako Nomsa. Ndikudziwa kuti mbali yake wakuuza kale. Tsopano imva ya amako, amene sadziwa kukometsa mawu.

Adventi itayamba ndinatulutsa khola lija anasema malemu atate ako, n'kuliyika pakabati monga chaka chilichonse. Maria, Yosefe, bulu, ndi ng'ombe ija yothyoka nyanga. Modyera ziweto ndinasiya mopanda kanthu. Iwe ukudziwa kuti kamwana Yesu kamakhala m'sutikesi, kokulungidwa m'duku, mpaka titabwera ku Misa ya Khirisimasi. Adventi ndi kudikira. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma katekisimu ndinadziwerengera ndekha mpaka chikuto chinachoka.

Tsono tsiku lina ndikuchokera kumsika, mutu ukuwawa ndi anthu otsitsa mtengo wa tomato, ndinamva nyimbo za Khirisimasi ndili pa mpanda. Kulowa m'nyumba, mapepala onyezimira ali lendelende kudenga, timagetsi tikuphethira pawindo ngati pa bala. Kuyang'ana pakabati, mwana wabadwa. Ali gone modyera ziweto, atamufunditsa ndi kansalu koluka.

Nomsa anabwera akumwetulira, nati anakapeza kamwana Yesu kaja pokonza m'sutikesi, ndiye anaganiza kuti ndakaiwala chifukwa cha kukula.

Ndinamufunsa kuti mzamba anali ndani, popeza Maria ndinamusiya m'mawa ali bwinobwino osamva ngakhale msana. Ndinamufunsanso ngati kwawo ku Madzimoyo amadikira kalikonse, kapena ndi anthu aja amathyola mango osapsa n'kumadyera mchere. Mpaka apo sindikuona cholakwa. Anayankha mwaulemu kuti ku Reformed kumene anakulira sanaphunzire zobisa mwana m'sutikesi. Ndiye ine ndinati n'chifukwa chake ndinamuuza Jonah kuti akwatire wa mpingo wathu.

Mawu amenewo sindinawatume, anatuluka okha. Nomsa anatsitsa mapepala ake mwakachetechete, nazimitsa nyimbo. M'mawa mwake anagwada pakhomo la kuchipinda kwanga, nanditsanzika kuti akukathandiza amake kupalira. Munthu wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu, amene satha kuona zala za kumapazi kwake, kukapalira. Ndinati apite bwino, poganiza kuti Loweruka abwera. Sanabwere.

Kenaka kunabwera za kumphakati, kagulu kathu ka Akatolika a m'dera lino. Chaka chino tagwirizana kuti chifanizo cha Amayi Maria chiziyenda nyumba ndi nyumba madzulo, ngati mmene anavutikira kufuna malo ku Betelehemu. Anthu amaima panja ndi makandulo, amagogoda, n'kufunsa ngati m'nyumbamo muli malo a mayi wa pakati. Mwini nyumba amayankha kuti malo alipo, n'kutsegula. Chifanizocho chimagona pamenepo mpaka mawa lake.

Tsiku langa litafika ndinakolopa, ndinavala chitenje cha bungwe la amayi a kutchalitchi, ndinaphika tiyi wa mkaka. Anagogoda, anafunsa, ine ndinayankha mokweza kuti malo alipo. Ndisanagwire n'chitseko chomwe, ndinamva mawu a amayi Rozi, aja a kwaya amene amayamba nyimbo pamwamba mpaka tonse kutsokomola. Anati inde malo alipo ambiri, poti wa pakati wina anachokamo sabata yatha. Anawonjeza kuti Amayi Maria asamasule katundu, ayambe aona kaye mmene zikhalire.

Anthu anaseka, Jonah. Ena anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Wapampando anayesa kuyambitsa pemphero la korona koma naye kuseka kunamugwira. Ine ndinatsegula, ndinalandira chifanizo ndi manja awiri, ndinachikhazika pabwino, kenaka ndinawauza amayi Rozi zinthu zingapo zokhudza ana awo aakazi ndi kumene amapezeka Lachisanu. Sindizilemba pano. Zonse zinali zoona, koma tiyi anatsala wambiri.

Anthu atapita ndinatsala ndi mlendo wanga. Ndinapita kukatenga nsalu yoyala pathebulo m'chipinda cha Nomsa, ndipo ndinapeza beseni latsopano, matewera opindidwa bwino, ndi tizipewa timene ankaluka. Kansalu kaja anafunditsa Yesu kanali ka ulusi womwewo. Ndinakhala pabedipo nthawi ndithu.

Loweruka kunali kulapa kwa Adventi ku parishi. Ndinalowa, ndinagwada, ndinayamba kufotokoza bwinobwino kuchokera pachiyambi. Abambo ansembe anandidula, nati amayi Rozi abwera okha kudzalapa zawo, ine ndinene zanga. Nditanena, ndinkayembekeza korona mmodzi kapena awiri, zimene ndimatha ndikusenda nyemba. Koma iwo anati ndikwere minibasi ndipite ku Madzimoyo, ndikapereke moni, kenaka nditseke pakamwa mpaka eni nyumba atamaliza kulankhula. Ndinafunsa ngati palibe chilango china, ngakhale kusala kudya. Anati palibe.

Ndinapita Lolemba, nditanyamula shuga, sopo ndi nkhuku. Uyenera kudziwa mmene njira ija ilili tsopano, chifukwa iwe unapitako nthawi ya chilimwe uli ndi maso achikondi. Ukatsika pamsewu waukulu umayenda ndithu, kenaka pali kamtsinje kaja kopanda mlatho. Ndinawoloka madzi ali m'mawondo, nsapato kumanja, nkhuku ikulira pamutu. Mnyamata wa njinga anandiuza kuti ikagwa yamphamvu anthu amagona tsidya lomwelo.

Asewere anga, amake Nomsa, anandilandira bwino kwambiri moti ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nati Nomsa wagona, ndidikire pang'ono, poti amva kuti ife Akatolika kudikira timakudziwa. Anandibweretsera mango m'mbale, nati ndisaope, awa ndi akupsa, anawadikira.

Ndinatseka pakamwa.

Kenaka anayamba. Anati mwana wawo anasiya mpingo wa makolo ake, analowa kalasi ya katekisimu chaka chathunthu, anaphunzira kugwada ndi kudzilemba mtanda chifukwa cha mwana wanga. Anati tsiku lija Nomsa anayenda wapansi mpaka m'tauni kukagula timagetsi tija, kuti apongozi ake amasiye asangalale, poti nyumba inali zii chimwalirire atate ako. Anafunsa ngati m'katekisimu wanga muli tsamba lonena kuti mlendo akalakwitsa mwambo umamukumbutsa kumene anachokera. Anafunsanso ngati Yosefe anali ndi amake, ndipo ngati n'chifukwa chake anasankha kukaberekera kukhola.

Mayankho ndinali nawo, Jonah, abwinoabwino, anafika mpaka pammero. Ndinawameza ndi mango. Ndinadya mango ambiri tsiku limenelo kuposa chaka chonse.

Dzuwa litapendeka Nomsa anatuluka. Miyendo yatupa, mwana wanga, ndipo akuyenda atagwira msana. Anagwada movutikira kundipatsa moni, ine ndinamuuza kuti adzuke asadzipweteke. Nditaona kuti onse amaliza, ndinalankhula. Ndinati pa za mwana kulowa m'khola nthawi isanakwane sindisintha, ngakhale abwere Abishopu. Koma pa mawu ena aja, ndinati anali oipa, ndipo Jonah anakwatira bwino kuposa mmene ndikanamusankhira ine. Ndinamupempha kuti tibwerere limodzi.

Anayang'ana pansi, nati wamva, ndipo zikomo chifukwa cha nkhuku. Anati abwera mtima ukakhala pansi. Ndinafunsa kuti liti. Asewere anayankha ndiwo, kuti tsiku lake salidziwa munthu, ndikhale wokonzeka basi.

Tsono tamvera, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Iyi ndi mimba yoyamba. Anamwino anati ndi kumayambiriro kwa Januwale, koma woyamba sawerenga kalendala. Kuno chipatala chachikulu tikuchiona ndi maso, ndipo aneba ali ndi galimoto. Kuja kuli kamtsinje. Zikamuyamba mvula ikugwa, adzamunyamula ndani, pa chiyani? Usiku sindikugona, ndikungomvetsera madontho padenga.

Ndikukupempha, mwana wanga, muimbire mkazi wako. Usandiikire kumbuyo, ndipo usamukalipire. Umuuze kuti akwiye nane ndithu, koma adzakwiyire kuno kufupi ndi chipatala. Akhoza osandilankhula mpaka Pasaka, ine ndizimuphikira ndi kumutenthetsera madzi chomwecho.

Ndipo umuuzenso ichi, awauze amake. Likadutsa Lamulungu likubwerali asanafike, ine nditseka nyumba, ndisiya benchi ya tomato kwa mlongo wako Irene, ndinyamula mphasa ndi bulangeti, ndikukakhala komweko mpaka mwana abadwe. Kuno ndimachoka m'mawa kupita kumsika, ndimabwera madzulo nditatopa, pakamwa patauma. Kuja ndidzakhala pakhomo tsiku lonse, wopanda chochita, ndipo chilango cha Abambo chinali cha tsiku limodzi lokha. Asewere aganize bwino chimene akufuna.

Undiperekere moni kwa amalume ako a Ackim ndi banja lonse, uwauze kuti mankhwala a bondo aja sanathandize. Mlongo wako Irene akuti moni, ndipo akuti iye sali mbali ya aliyense, zimene ndi bodza. Upite ukalape Khirisimasi isanafike, usadikire kukumbutsidwa.

Ambuye akusunge pantchito yako ya kumgodi, akusungire mkazi wako ndi amene wanyamulayo. Amayi Maria, amene anagona m'nyumba mwanga osadandaula, akupempherereni nonse.

Ndine amako,
Mainess Jere