Madontho a Pensulo m'Mabuku a Mtsinje

14 Malichi

Okondedwa mwana wanga, make mapasa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi bambo a ana. Ife kuno tilipo, kupatula bondo la amayi anu.

Maphunziro a pa intaneti amene munandilembetsa, ophunzitsa kumasulira manambala, ndakhala ndikuwatsata mokhulupirika. Mphunzitsi wake saoneka, sakalipa, ndipo amabwereza ndikangodina batani. Lolemba ndinafika pa phunziro lachisanu ndi chiwiri, ndipo pamenepo ndaima. Likunena kuti mpata wosalembedwa uli bwino kuposa nambala yongopeka, ndiponso kuti munthu azifunsa chimene chinasowetsa masiku osowawo.

Mukudziwa kuti kwa zaka makumi atatu ndinkawerenga msinkhu wa madzi pa ndodo ya kumtsinje m'mawa uliwonse. Mumanyadira kuti m'mabuku anga mulibe mpata ngakhale umodzi, ndipo munandiuza kuti ofesi yanu yatenga manambala omwewo poyeza kutalika kwa mlatho watsopano umene ana a sukulu aziwolokera.

Mwana wanga, mipata inalipo. Mtsinje ukasefukira, njira yopita pandodo inkamira. Ndinkabwerera panjira ndi kulemba nambala ya dzulo lake, pakuti ife tinaphunzitsidwa kuti buku la mipata ndi la munthu waulesi. Choncho masiku amene madzi anakwera koposa ndiwo amene mabuku anga akuti mtsinje unali wofatsa.

Dzulo ndinawaululira amayi anu. Sanaleke n'kusita komwe. Anangoti, "Thalauza lanu ndinkachapa ndine, bambo. Masiku amenewo linkabwera louma m'miyendo."

Tsiku lililonse lotero ndinkaika kadontho ka pensulo m'mphepete mwa tsamba. Mabukuwo ali kwa inu. Chonde afunefuneni madonthowo, ndipo muwaonetse akuluakulu anu lisanafike tsiku losaina mapulani, limene munati ndi kumapeto kwa mwezi uno. Muwauze kuti wolakwa ndi wolemba mabuku, osati amene anawakhulupirira. Ngati afuna kalata ya dzanja langa, ndidzalemba.

Amayi anu akupereka moni. Mundiperekere moni kwa mapasa. Ndamva kuti amauza anzawo kuti agogo awo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Musawawongolere inu. Adzamve kwa ine, ngati mudzawalolabe kubwera pa holide.

Ine bambo wanu,
woyembekeza yankho, likhale lotani.