Padenga la Hajja Zhor

Lachisanu

Btissam 08:12
ndiye sitima yako ifika nthawi yanji mawa? mayi akufuna adziwe nkhuku aphe liti

Anouar 08:31
cha m'ma 4 asisi. ndikadali ku Rabat, ntchito yandipana

Btissam 08:32
ku Rabat eti

Btissam 08:32
kodi nyumba ya alendo ya Hajja Zhor anaisamutsira ku Rabat? poti dzulo inali konkuno ku Fes, kuseri kwathu

Btissam 08:40
ukuwerenga ndikuona

Btissam 08:55
Anouar

Anouar 09:03
wakuuzani ndani

Btissam 09:03
maso angawa. mwamuna wa jekete yobiriwira padenga 7 koloko, foni m'mwamba ngati akudyetsa nkhunda

Anouar 09:04
mkati mulibe network, makoma ake mukuwadziwa

Btissam 09:05
mxm. iwe unabadwira kuno. mwamuna amakwera padenga nthawi imene azimayi akuyanika? azungu timawakhululukira poti sadziwa. koma iwe??

Anouar 09:06
ndinaiwala asisi. mayi anandiona?

Btissam 09:06
yamba wandiuza chimene ukugonera kwa alendo kwanu kuli pamphuno

Anouar 09:14
ndabwera dzulo ndi makolo a Ghita. bambo ake, a Si Abdelhak, akuti sangapereke mwana wawo asanaone kumene ndimachokera

Btissam 09:15
ndiye ukuchokera kwa Hajja Zhor?

Anouar 09:17
ndinawauza kuti mayi ali kumudzi mpaka mawa madzulo. iwo akubwerera mawa m'mawa

Btissam 09:17
Mulungu wanga

Anouar 09:19
[mawu 0:31] Asisi, tamverani kaye. Kwawo kuli kapinga, galimoto imalowa mpaka m'nyumba. Ine ndikawalowetse pakhomo pathu awerame kudutsa mitengo yochirikiza khoma ija? Chinyezi chikununkha, ndowa ili pakati pa chipinda kudikira mvula? Ndimafuna ndikonze kaye. Si kuti ndikuwakana mayi ayi.

Btissam 09:21
nyumba imeneyo ndi imene inakuphunzitsa chi French ukunyada nachocho

Btissam 09:22
mayi sabata yonse khutu lili kuchitseko. wina akagogoda ndi chitsulo chachikulu cha alendo sadzuka nkomwe. chikalira chaching'ono chapabanja amathamanga, mwina wafulumira. ndiye amapeza ndi ine

Anouar 09:23
plz musawauze. mawa ndifika ndi chikwama ngati ndatsika sitima, nkhani yatha

Anouar 09:30
asisi

Anouar 09:48
anandiona kapena ayi??

Anouar 10:26
ndaimba kawiri

Btissam 11:40
tinali kukhitchini. lero Lachisanu ngati waiwalanso

Anouar 11:41
akuoneka bwanji

Btissam 11:41
akusenda dzungu

Anouar 11:42
ayankhula chilichonse?

Btissam 11:42
akusenda dzungu ndati

Anouar 13:52
asisi mwachita chani

Anouar 13:52
kwabwera kusukusi kuno, chakudya chathu cha Lachisanu chija. m'mbale yadothi ya malemu bambo, yomata m'mphepete ija

Anouar 13:53
dzungu lonse aunjika mbali imodzi

Btissam 13:55
ndiye khala mbali imeneyo. amene amalira dzungu kwathu ndani

Anouar 13:55
munalonjeza

Btissam 13:56
sindinalonjeze kanthu ndipo sindinanene kanthu. dikira, akufuna foni

Btissam 13:59
[mawu 0:52] Anouar, ndine mayi ako. Mlongo wako usamukalipire, sanandiuze. Ndinali kuseri kwa nsalu zimene tinayanika, ndinali nditavula mpango poti padenga ndi pathu azimayi. Ndiye neba wathu, mkazi wa Si Larbi, akuti, fundani, kuli mwamuna uko. Ndafunda msangamsanga. Kenako ndikuyang'ana bwino, kaimidwe kake, kukanda kukhosi kuja. Ndati ha, ndafundira mwana amene ndinamuyamwitsa. Azimayi onse anakuzindikira, palibe anatsegula pakamwa, anandimvera chisoni. Basi. Mlendo akagona mumsewu mwathu Lachisanu sagona ndi njala, ndi mmene tinakulira. Idyani.

Anouar 14:01
mayi

Anouar 14:01
asisi apatseni foni ndiyankhule nawo

Btissam 14:03
akuswali

Anouar 14:20
ndakhala mbali ya dzungu ija

Anouar 14:21
Si Abdelhak akudya ndi manja, avula ndi wotchi yomwe. akuti chimwalirire mayi awo sanalawe kusukusi wotere

Anouar 14:22
afunsa Hajja Zhor kuti waphika ndani

Btissam 14:22
ndiye?

Anouar 14:24
Hajja andiyang'ana kaye. kenako akuti ndi mayi wina wa kuseri kuno, mwana wake ali kutali

Btissam 14:24
Hajja ndimawakonda ine

Anouar 14:37
zavuta. akuti mbale sibwerera yopanda kanthu. atuma munthu akagule shuga woumba ngati chulu, akufuna akapereke okha akathokoze

Anouar 14:38
akuti ndiwaperekeze poti ndimadziwa tinjira ta kuno

Btissam 14:39
kkkk tinjira umatidziwadi

Anouar 14:39
si zoseka. chithunzi changa cha graduation chili pakhoma

Btissam 14:40
ndichichotse?

Btissam 14:40
nena. ndichichotsa, mayi akuona

Anouar 14:52
ayi

Anouar 15:10
ndawauza

Btissam 15:10
zonse?

Anouar 15:13
zonse, ndi mitengo yomwe. mayi ake a Ghita angoti mwana wanga iwe, nkukwera kuchipinda. Si Abdelhak sanakalipe, bola akanakalipa. akuti nyumba yogumuka anabadwiramo iwonso, koma munthu wobisa mayi ake sakudziwa kuti mawa adzabisa ndani

Anouar 15:14
za Ghita akuti tikambirana akaonana ndi mayi

Anouar 15:14
manyazi andigwira asisi, ndikulephera kuwayang'ana kumaso

Btissam 15:16
ako ndi a pompano. a mayi ayamba 7 koloko pamaso pa azimayi a msewu wonse

Btissam 15:31
ndawauza kuti mukubwera. atereka madzi a tiyi, atulutsa matambula agolide aja

Anouar 15:32
ndowa mwachotsa?

Anouar 15:32
sorry. isiyeni

Anouar 15:49
tadutsa pa uvuni wa buledi. wophika wandiitana dzina langa laubwana, Si Abdelhak amva

Anouar 15:54
tili pakhomo. iwo anyamula mbale

Anouar 15:54
asisi ndigogode chiti

Anouar 15:56
asisi

Btissam 15:58
ndawafunsa

Btissam 15:58
akuti chachikulu

Btissam 15:59
avala kale mpango