Kapu ya Madzi Imene Simunamwe, a Yakobe

Lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni, Sajeni Yakobe Dzimbiri, ndipo mkwiyo wathu sunaphwe. Anthu amati imfa imazolowereka. Yanuyi ayi. Munapita kudziko la eni kukasungitsa mtendere mukuseka, munabwerera kuno ku Mwanza m'bokosi lokhomakhoma.

Amene anakuwomberani sitimudziwa ngakhale dzina. Asilikali anzanu amamutcha sinaipa, munthu wobisala patali mumtengo kapena padenga, amene amakhala duu tsiku lonse diso lili pamfuti, osawombera chisawawa, kudikira kuti aone wamkulu pagulupo ndi uti. N'chifukwa chake kumeneko munachotsa mizere ya usajeni pamkono, n'kuletsa aliyense kukumenyerani saluti. Zonsezo munaziganizira. Chimene simunaganizire n'chakuti m'gulu lanu munali mlamu wanu Sankhani, mlongo wa akazi anu a Iness, woleredwa kwa Nthache komwe chinthu sapatsa wamkulu ndi dzanja limodzi. Tsikulo munapempha madzi. Iye anabwera ndi kapu, kuigwira ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono monga ankachitira pakhomo panu. Wamantha wobisala ndi mfuti uja anaona. Madziwo simunamwe.

Chotipweteka n'chakuti ulemu umenewo ndi umene inu munkaukonda. Mukabwera patchuthi munkakhala pansi pa mtengo wa manachesi, kusendera ana anu Miracle ndi Thandie, n'kumaseka mpaka kutsokomola. Koma Miracle akangokupatsani mpeni ndi dzanja limodzi munkamubweza kuti akayambirenso, uku mukumuuza kuti aziona mmene amachitira amalume ake. Ana anuwo amakulirani mpaka pano. Mtengowo ukubalabe, osendera ana ndiye palibe.

Chipolopolo chinali chimodzi, koma chinagwetsa anthu awiri. Sankhani anabwerako, inde, koma mutamuona simungamuzindikire. Sakhala pafupi ndi windo. Pabwalo poyera sadutsapo, amachita kukhukhuza makoma. Tayala la thiraki likaphulika kumalire kuja amadziponya pansi chafufumimba, osintha ndalama n'kumamuseka, ati chamba chamupweteka. Chamba chake chiti? Anthu oti nkhondo amangoionera pafoni! Kapu ndiye sakhudzanso, madzi amamwera m'manja pampopi.

Ndiye tikuneneze za kwanu. Achimwene anu a Vincent akuti Sankhani ndi amene anakuonetsani kwa adani, ndipo analamula kuti asadzapondenso kumanda kumene munagonako. Zaka zonsezi a Iness akhala akumeza mawu, kulira mwamuna kwinaku akuona mlongo wawo akutha ngati kandulo. Pano atopa, ndipo akwiya. Akufunsa kuti kodi munthu wolakwa ndi amene anapereka madzi kwa waludzu, kapena amene anabisala m'masamba n'kusandutsa ulemu wa kwathu kukhala chizindikiro chophera munthu? Wokuphaniyo mwina akudya bwino kwawo. Ife kuno tikumuthandiza ntchito, kumalizitsa amene iye anamuphonya. A Yakobe, mukanakhala moyo mukanalola zimenezi? Tikudziwa mmene mukanawayang'anira a Vincent.

Loweruka likubwerali tikuvundukula chiliza chanu. A Iness anenetsa kuti adzalowa kumandako atagwira mlongo wawo padzanja, ndipo wofuna kuwabweza adzachite kuwanyamula. Kapu agula kale. Sankhani adzaidzaza madzi, adzaigwira ndi manja awiri omwe aja, n'kuthirira maluwa a kumutu kwanu. Ulendo uno mudzalandire.

Kukuiwalani ndiye sitidzayerekeza.

Ndife akazi anu a Iness, ana anu Miracle ndi Thandie, ndi mlamu wanu Sankhani, amene dzina lake talilemba pano dala.