Udzu Wotsala Kuseri kwa Nyumba

Lachiwiri, 7 Januwale

Mvula tsiku lonse. Ku msika wa Machipisa sindinapite, ndani angagule tsache m'matope otere. Khoma la kuchipinda lanyowa mpaka m'mawondo, ukaliyedzamira likusiya dothi pa diresi. Njerwa zathu n'zosaotcha. Ndili ndi mantha. Abambo ali phee pa mpando wawo, akuti chimanga chasangalala.

Lachinayi, 9 Januwale

Mng'alu pamwamba pa zenera. Chala chaching'ono chikulowa.

Chibwerere kuno ku Hopley, m'mphepete mwa dambo, madzi sanafikepo pakhomo. Mvula inkagwa, udzu n'kumeza. Koma mu Okutobala abambo anatentha dambo la kumtunda kwathu, kugalauza, n'kuunda mizere yotsetsereka, mutu kumtunda, mapazi kuloza kunyumba kuno. Ndi mmene ankachitira ku pulazi, famu ya fodya kumene anakalambira. Fodya safuna madzi oima, ndiye mzere uzitaya madzi. Kumeneko madziwo ankathera mumtsinje. Kuno akuthera kwa ife, mzere uliwonse ngati mpopi.

Chimene anandisiyira ndi kachigawo ka kuseri kwa nyumba, komwe ndimamweta udzu wa masache. Nakonso ndinachita kulira.

Loweruka, 11 Januwale

Ndakhala ndikuganiza za a Annet, mayi wa majombo aja a bungwe loteteza madambo. Anafika abambo ali mkati molima. Chichewa chawo cha apa ndi apo, agogo amati sekuru m'Chishona, koma ndinamva. "Uwu si udzu wa pa bwalo la mpira, sekuru. Palibe anaubzala. Mitundu yambirimbiri pamalo amodzi, mizu yolukana mpaka pansi. Mukaugalauza subwereranso, mudzamera chisoso basi." Abambo osaimitsa n'komwe khasu. "Mwana wanga, ine udzu sindidya."

Lero chisoso chili mbwee m'mizere. Achule a kumtunda ali zii. Akakowa sakuteranso, ngakhale maluwa ofiira aja otuluka ndi mvula yoyamba sindinawaone chaka chino. Kadzidzi amene ankasaka m'dambomo anasamuka, makoswe alowa m'khitchini, adya sopo. Zamoyo zotsala zadzadzana m'kachigawo kanga: achule, ziwala, timbalame tomanga zisa pa mapesi a udzu. Ndikamamweta ndikuchita kuyang'ana popondapo.

Mng'alu wafika pa ngodya. Ndamatapo dothi, lagwa.

Lolemba, 13 Januwale

Khoma la khitchini ya amake Tadiwa lagwa masanasana. Nyumba yawo ndi yoyandikana ndi yathu, koma iwo alibe udzu kuseri, mizere imathera pakhoma penipeni. Mwayi munalibe munthu. Mapoto, mbale, ufa, zonse m'matope.

Ndinapita kukathandiza kufukula. Palibe anandilankhula. Pomaliza amake Tadiwa, m'Chishona, osandiyang'ana: "Ife ikagwa yonse tili ndi kumusha, kumudzi kwathu. Inu a Melina mudzaloza kuti?"

Sananame. Agogo anachoka ku Dedza wapansi, mudzi wake palibe akuudziwa. Abambo anabadwira pa pulazi, inenso pa pulazi, ndipo pulaziyo ili ndi eni ake ena tsopano. Kwathu ndi zipinda ziwirizi. Zikagwa, tagwa.

Abambo sanatuluke tsiku lonse. Chakudya anangonyomola.

Lachisanu, 17 Januwale

Dzuwa pang'ono dzulo ndi dzana. Ndinapita ku Machipisa, masache ayenda ndithu, koma mtima unali pakhoma. Pobwera mu kombi, minibasi ya kuno, ndimangoyang'ana mitambo ngati wosiya zovala zoyanika panja.

Lero kamvula kamasana. Ndinafunda pepala la pulasitiki, ndinakaima kuseri kuti ndione ndi maso anga. Madzi amatsika m'mizere ali ofiira, othamanga. Akalowa mu udzu wanga amafooka. Matope, mabotolo, zinyalala, zonse zimakodwa m'menemo, ndipo otulukira kuno amakhala ochepa, oyera, oyenda mwaulesi. Kani chatisunga ndi chimenechi. Udzu wa masache.

Ndinawauza abambo, mwaulemu, nditakhala pansi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Udzu wakowo ndi umene ukusunga madzi pafupi ndi khoma. Pafunika ngalande yodula pakati, madzi adutse msanga. Ndakumba ngalande iwe usanabadwe."

Ngalandeyo ikadula udzu, idzathera pa ngodya ya mng'alu. Palibenso kwina kotsetsereka.

Ndiwauza bwanji kuti alakwitsa? Chichokere ku pulazi palibe amene anawafunsapo nzeru pa chilichonse. Chimanga chimenechi ndiye chinawawongola msana, anthu odutsa amaima kuchiyamikira. Tsopano akudziwa zimene mizere yawo yachita kwa amake Tadiwa, ndipo akufuna kukonza ndi chokhacho chimene manja awo amadziwa. Ndikuwamvera chisoni. Ndikuwaopanso.

Madzulo anola khasu pa mwala. Nthawi yaitali.

Lamlungu, 19 Januwale

Kutchalitchi sindinapite. Ndinawauza kuti mutu, koma ndimafuna kulonda khasu. Ndinalibisa pansi pa bedi langa m'mawa, iwo akusamba. Mayi wamkulu ngati ine kubisa khasu ngati wakuba.

Kumwera kwada bii. Mphepo yayamba kukoka malata. Mng'alu tsopano ukuonetsa kuwala kwa panja, dzanja lonse likulowa. Zikalata ndi mabulangete ndamanga m'thumba, laima pakhomo, ngakhale sindikudziwa kuti tingalinyamule kupita nalo kuti.

Abambo anafunsa khasu kamodzi. Ndinati sindinalione. Anandiyang'ana, n'kutuluka.

Kuseri kukumveka kugunda. Abwereka la wina.

Akudula mizu, ndikumva kuthetheka kwake. Madontho ayamba pa malata. Chibadwire sindinawatsutsepo abambo pamaso, sindinagwirepo chinthu chili m'manja mwawo. Mulungu andikhululukire, ndikupita kukawalanda khasulo.