Liwu Limene Bambo Anasankha

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko, ndipo chisanu chimene umadandaula nacho chija sichinakuumitse zala mpaka kulephera kutiimbira foni. Kuno ana ali bwino, alamu ako nawonso ali bwino, kungoti msana. Ine ndilipo. Bambo ndiye ayi. Chiwagwereni sitiroko ija sanakhalepo ofooka ngati mmene alili pano.

Uthenga wako ndinaulandira. Ukuti akuluakulu a seminale yakoyo akuuza kuti mgwirizano wa mipingo yathu iwiri sulola wophunzira kuchoka chaka chisanathe, ndipo ukachoka malo ako apatsidwa kwa wina. Ndamva. Tsopano nawe umve zanga, Abusa Aang'ono, poti paja kuyambira uli mwana sunkasuntha phazi usanamve nkhani yonse.

Iwe unali usanabadwe pamene amishonale a Lutheran a kumene uliko anabwera koyamba kudzagwira ntchito ndi mpingo wathu. Ine ndinali kamtsikana, ndinakhala pa benchi lakutsogolo. Womasulira anali Bambo. Mmishonale wandevu uja, amene tinkamutcha Chindevu, anatchula liwu la m'chilankhulo chawo lija limene mpaka lero lili pachipata cha sukulu yathu ya ubusa. Bambo anaima kaye, anayang'ana kudenga, kenako anati alendo awa abwera kudzamanga nafe chibale. Akanatha kunena kuti mgwirizano, liwulo ankalidziwa. Koma anasankha chibale, ndipo tchalitchi chonse chinaimirira. Malemu Mayi anabwerera kunyumba akunena kuti chibale ndi fupa, sichiola.

Kuyambira pamenepo Chindevu sankagogoda pakhomo pathu. Ankadya patebulo lathu, malaya ake ankachapa ndi Mayi, ndipo malungo atamugwetsa ndi Bambo amene ankamusinthira zofunda. Njinga unaphunzirira pa yake. Sindikukana, nawonso anachita zawo: nyumba ya mabuku ija, makalasi, ngakhale iweyo kuti uli kumeneko ndi iwo.

Sabata yatha amishonale aja anabwera gulu lonse kudzatsegula holo yatsopano ya sukulu yathu ya ubusa, Chindevu ali patsogolo, ndevu zili mbuu. Bambo atamva, anandiuza ndi pakamwa pawo popotoka paja kuti ndiwamete, ndiwaveke malaya akuda ndi kolala yawo ya ubusa. Ukudziwa ntchito yake yoveka malaya munthu amene mkono wake unafa? Tonse awiri thukuta linali kamukamu. Ndinawakhazika pampando pakhonde, moyang'ana kumsewu. Mankhwala a m'mawa anakana, akuti alendo angawapeze akuodzera.

Magalimoto anadutsa. Chimene chinafika pakhonde ndi fumbi.

Bambo anati mwina ayamba kaye za ntchito, adzera pobwerera. Ine mtima unandiwawa, ndinavula epuloni n'kupita kuholoko. Ndinapeza akumasulira ndi mphunzitsi wa Chigiriki, ndipo ankamasulira bwino ndithu, ndisamunamizire. Anati mgwirizano wa gawo lino watha bwino, zolinga zakwaniritsidwa, mpingo wathu tsopano waima pawokha ndipo iwo akuyang'ana kumayiko ena. Anthu anaomba m'manja. Mgwirizano, mgwirizano, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Chibale sindinachimve.

Potuluka ndinamugwira dzanja Chindevu. Anandizindikira, anandikumbatira, n'kufunsa za Bambo m'chilankhulo chathu, chimene anamuphunzitsa ndi Bambowo. Ndinamuuza kuti ali pakhonde apo, kuseri kwa mitengo iyo, avala kolala. Anayang'ana wotchi, anayang'ana mayi wina amene ankayendetsa ulendowo, n'kunena kuti abishopu akuwadikira kuchakudya ndipo ndege sidikira munthu. Anati ndikawauze Bambo kuti amawakumbukira m'mapemphero. Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati zofunda zija Bambo ankamusinthira m'mapemphero.

Nditabwerera ndinawapeza ali pomwepo, dovu litanyowetsa kolala. Anafunsa ngati abale afika. Ukanakhala iwe ukanasalaza mawu, paja umatha. Ine sinditha. Ndinawauza zonse, mpaka liwu limene mphunzitsi uja ankanena.

Kenako Bambo anati, "Ndiye kuti ndinamasulira molakwa."

Kolalayo anavula okha ndi dzanja lamoyolo. Kuyambira tsiku limenelo akukana kudya, ndimachita kuwanyengerera ngati khanda. Dzulo adokotala atawapima anandiitanira panja, anati amene ali kutali aitanidwe pano, osati mwezi wamawa.

Ndiye m'kati mwa zonsezi uthenga wako ukundipeza, utanyamula liwu lomwelo, mgwirizano sulola. Ndinaseka, mlongo wanga, kuseka kopweteka m'nthiti. Bambo sindinawawerengere. M'mawa uliwonse amafunsa za iwe, ine ndimangoti ukukonza ulendo. Taona, wandiphunzitsa bodza, ine amene ndinalephera kunama za Chindevu.

Ndikudziwa kuti maphunzirowo anakupempherera ndi Bambo omwewa, ndipo kuwataya si nkhani yaing'ono. Sindine wopusa. Pita kwa akuluakuluwo ukawauze kuti munthu amene akufayu ndi amene anali pakamwa pawo kuno zaka zonsezi. Akalola, tithokoza. Akakana, akane, iwe nyamula chikwama.

Chindevu ndayamba kumukhululukira pang'onopang'ono. Iye sanalonjeze chibale, mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Bambo. Koma iwe palibe anachita kukumasulira. Unabadwira m'nyumba muno, m'chipinda chomwe Bambo agonamo panochi.

Bwera akadazindikira nkhope. Kolala ija ndaichapa, ili pamsomali kuseri kwa chitseko. Sindiwaveka mpaka nditamva kuti watsika basi, chifukwa sindikufuna kuwakhazikanso pakhonde kuti adikire fumbi.

Ana akuti moni kwa amalume awo. Undiperekere moni kwa mlamu wanga ndi kamwanako, kamene agogo ake amangokaonera pafoni. Mulungu akusunge, akutsogolere pa ulendo, ndipo akufewetse mtima msanga.

Ndine mlongo wako,
wa chibale, osati wa mgwirizano.