Mpendero wa Madiresi Aja

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja ukukulolani kufika kutchalitchi? Ine kuno ndilipo. Sindinganene kuti ndili bwino, sindinganenenso kuti ndikudwala. Ndimadzuka, kupita kushopu, kupalasa makina mpaka madzulo, n'kubwerera.

Ntchito ilipo, mayunifolomu a sukulu atichulukira. Denga likudonthabe pamwamba pa bedi. Eni nyumba akuti akonza, monga ananenera chaka chatha. Ndinangosuntha bedilo.

Mukuwakumbuka mayi a khomo loyandikana ndi langa, aja timawatcha a Wailesi? Ndi omwe aja analankhula pampopi, misozi ya maliro isanaume n'komwe, kuti mwana wanga wafa chifukwa amake anakonda makina kuposa kulera. Ndinamva ndi makutu anga, chidebe chili m'manja. Kuchokera tsiku limenelo tinkangodutsana ngati osadziwana.

Tsono mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatulira mdzukulu, iye n'kusowa. Ndi kamtsikana, msinkhu womwe uja wa wanga. Kanali ndi diresi imodzi yokha. Akaichapa, kankakhala pakhonde kali mbulanda kudikira kuti iume, ine ndikudutsa pomwepo.

Lamulungu lina nditachoka kutchalitchi ndinatsegula sutikesi ija ya zovala za mwana wanga. Ndinachapa madiresi onse, kuwasita, n'kukawapatsa a Wailesi. Sindinalire. Iwonso sanapepese, anangoti zikomo maso ali pansi. Amayi abusa atamva anandiyamikira pagulu kuti ndakhululuka ngati Mkhristu weniweni. Ndinachita manyazi, Amayi, chifukwa mumtima mwanga simunali chikhululukiro, simunalinso mkwiyo. Muli zii mpaka lero. Anachita zimenezi ndi manja okha, ndipo sindikudziwa ngati Mulungu amawerengera za manja pamene mtima kulibe.

Paja ndinu munandiphunzitsa kuti posoka diresi ya mwana uzipinda m'munsi mokulirapo, chifukwa mwana sachedwa kutalika. Madiresi onse aja ndinawasiyira mpendero wa zala zinayi. Palibe ngakhale umodzi umene ndinafika poumasula.

Dzana a Wailesi anagogoda atakagwira dzanja kamwanako, katavala yachikasu ija. Anati, "Atelala, mwanayu watalika. Timasulireniko m'munsimu."

Ndinagwada ndi lumo n'kuyamba kudula ulusi umene ndinasoka ndekha. Kamwanako kanagwira mutu wanga kuti kasagwe, manja ake otentha, onunkhira sopo. Nsalu ya m'kati mwa mpenderomo inali yowala, yosaonapo dzuwa. Nditamaliza anathokoza n'kumapita. Ine ndinakhala pansi pomwepo nthawi yaitali, lumo lili m'manja, mpaka madzi amene ndinatereka anaphwa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti n'lolemera. Juzi yofiira imene munamulukira mdzukulu wanu inatsalira kwanuko. Mng'ono wanga anandiuza kuti mumaisunga kunsi kwa pilo. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo kamwanako kakutsokomola. Mumakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ine sindikumva choncho mumtima, ndisakunamizeni, koma kakuzizidwa. Mukapeza munthu wobwera kuno, mumupatsire. Mtima ukakana sindikudandaulani, nanunso munaferedwa.

Ndikukumbuka kuti munaluka manja aatali kuti adzakuliremo. Imukwana.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti asamaiwale mankhwala. Moninso kwa azakhali, amalume ndi ana awo, mng'ono wanga ndi alamu. Mukamapemphera muzinditchulako, ine ndikagwada mawu sakubwera.

Tsalani bwino.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Telala wanu uja